Mdipiti wa Chikho ndi Belu la Sukulu

Pa 4 Febuluwale 2018 timu ya Philadelphia Eagles idagonjetsa New England Patriots ndi mapointi 41 kwa 33, nitenga chikho chachikulu cha mpira wa ku America chimene eni ake amachitcha Super Bowl. Mpira umenewu ngosiyana ndi wa miyendo umene tidauzolowera ife. Ngwamanja, wogundana ndi kugwetsana, koma mtima umene anthu amauika pamenepo ndi womwewo umene timaudziwa. Mzinda wa Philadelphia udali usadalawepo ukatswiri wa mpirawu chiyambire 1960, kotero chimwemwe chake chidali cha munthu amene wakhalitsa ndi njala. Mdipiti woonetsa chikho udaikidwa Lachinayi pa 8 Febuluwale, ndipo akuluakulu oyang'anira sukulu za boma mumzindamo adalengeza kuti tsiku limenelo kulibe sukulu. Sukulu za Akatolika nazo zidatseka. Timu yomweyo itatenganso chikho mu 2025, zidachitikanso chimodzimodzi: mdipiti Lachisanu pa 14 Febuluwale, makalasi chitsekere.

Nkhani yotere ikabuka anthu amagawikana pawiri. Ena amati mwana si makina, tsiku limodzi lachisangalalo silingamuphe. Ena amati sukulu si malo amasewera oti n'kumatsekula ndi kutseka monga mmene mpira wagwera. Mbali ziwirizi zimakokana mpaka mawu kusasa, koma zonse zimavomereza chinthu chimodzi popanda kuchifunsa, ndicho chakuti tsiku la mdipiti ndi loikika ngati tsiku la maliro, ndipo sukulu ndiyo iyenera kuona chochita. Ine ndikuti mlandu wagona pomwepo. Tisanafunse ngati sukulu itseke, tifunse amene adaika phwando pa tsiku la sukulu, ndi chifukwa chake belu ndilo limagonjera ng'oma nthawi zonse. Tiyeni tiziyese zifukwa zimene otseka amapereka, chimodzi ndi chimodzi, monga timachitira ndi ndakatulo ikabwera pamsonkhano wathu, kuti tione mawu amene ali ndi msana ndi amene angokoma m'khutu.

Chifukwa choyamba, chimenenso chimamveka kwambiri, nchakuti zinthu zotere zimachitika kamodzi pa moyo wa munthu. Mu 2018 mawu amenewa adali ndi mphamvu ku Philadelphia, pakuti agogo ambiri adapita kumanda akudikira chikhocho. Koma taonani za mzinda wa Kansas City. Timu yawo ya baseball, Royals, idapambana mu 2015, ndipo sukulu zambiri zidatseka Lachiwiri pa 3 Novembala. Timu yawo ya mpira, Chiefs, idapambana mu 2020, sukulu zidatseka. Mu 2023, zidatseka. Mu 2024, zidatsekanso, ndipo maulendo atatu onsewa lidali Lachitatu. Mwana amene adayamba sukulu mu 2015 adaona “kamodzi pa moyo” kanayi asadamalize ndi sekondale yomwe. Choipa cha chifukwa chimenechi nchakuti sichitha kubwezedwa. Mkulu wa sukulu amene adatseka ulendo woyamba alibenso pakamwa pokanira ulendo wachiwiri, popeza makolo adzamufunsa kuti chikho cha chaka chino chachepa pati. Chimene chidayamba ngati chisomo chimasanduka mwambo, ndipo mwambowo sudakhazikitsidwe ndi aphunzitsi kapena makolo, koma ndi mmene mpira wadundira.

Chifukwa chachiwiri nchokoma kuposa choyamba, ndipo ife okonda zolembalemba chingatikole mosavuta. Amati mdipiti nawo ndi sukulu: mwana amaphunzirako chikondi cha pa mzinda wake, amaona wolemera ndi wosauka, wakuda ndi mzungu, akukumbatirana pamsewu umodzi. Sindikana kuti zimenezi zimachitika. M'mizinda ya ku America, mmene anthu amakhala motalikirana potsata khungu ndi thumba, masiku oti onse aime pamodzi ngochepa, ndipo munthu woseka chimwemwe cha anzake ngwouma mtima. Komabe mdipiti tiuone monga sewero, pakuti ndi sewero ndithu. Nsanja yake ku Philadelphia idali masitepe a Philadelphia Museum of Art, ochita sewero adali pamwamba pa mabasi, ndipo chimene anthu amachikumbukira mpaka lero ndi Jason Kelce, mmodzi wa osewera, atavala zonyezimira za gule wa a Mummers, akukuwa mawu otamanda anzake onyozeka, osakaniza ndi zotukwana. Lidali sewero labwino. Koma gawo la mwana wasukulu m'sewerolo nlotani? Iye salankhula, safunsa, sapikisana. Ntchito yake nkudzaza msewu kuti makamera ajambule khamu.

Tifunsenso kuti wapambana ndani. Timati “mzinda wapambana,” koma Eagles si ya mzinda. Ndi bizinesi ya Jeffrey Lurie, amene adaigula mu 1994. Bwalo limene imasewerera, lotsegulidwa mu 2003, lidamangidwa ndi ndalama zimene gawo lake lina lidachokera ku misonkho ya anthu. Osewera ndi antchito olembedwa kuchokera kulikonse: Nick Foles, amene adatsogolera timuyo pa tsiku la chikho cha 2018, ngwa ku Texas, ndipo pofika 2019 adali atapita kukasewerera Jacksonville. Palibe cholakwa kuti anthu akonde timu yotere. Mtima sufunsa ziphaso za kampani. Koma pamene boma litseka sukulu zake kaamba ka kupambana kwa bizinesi ya munthu, lapereka mphatso imene silipereka kwa wina aliyense. Mdipiti umagulitsa malaya a timu, zipewa ndi matikiti a chaka chamawa. Mwana woima m'mbali mwa Broad Street ndi kasitomala wa mawa, ndipo tsiku limene waphunzira kukhala kasitomala lalipiridwa ndi sukulu.

Chifukwa chachitatu chilibe kukoma kulikonse, koma ndicho chokha chili ndi msana. Misewu ikatsekedwa mabasi a sukulu sangadutse. Sitima ndi mabasi a mumzinda, amene ana ambiri a sekondale amadalira, amatembenuzidwa kuti anyamule khamu. Aphunzitsi ndi madalaivala nawo ndi anthu, amapempha tchuthi tsiku lomwelo ambirimbiri, ndipo ogwirizira malo awo sapezeka. Mzinda wa Seattle udayesa kulimba mtima. Timu yawo ya Seahawks itatenga chikho mu 2014, mdipiti udali Lachitatu pa 5 Febuluwale ndipo sukulu sizidatseke. Ana oposa 13,000 mwa pafupifupi 51,000 adajomba, pamodzi ndi aphunzitsi oposa 500. Kalasi yotere, imene mwana mmodzi mwa anayi alionse palibe, ndi yovuta kuiphunzitsa: ukapitiriza, ojomba atsalira, ukadikira, obwera abwerera chabe.

Pali kafukufuku amene amachirikiza mfundo imeneyi, ndipo nkoyenera kumutchula ngakhale akuoneka ngati akundilanda mkondo. Mu 2014 Joshua Goodman, katswiri wa zachuma amene panthawiyo adali ku Harvard, adafalitsa zimene adapeza atasanthula mmene chipale chofewa chimasokonezera sukulu m'chigawo cha Massachusetts. Adapeza kuti sukulu yonse ikatseka tsiku limodzi, ana sabwerera m'mbuyo kwenikweni, chifukwa mphunzitsi amangosuntha ntchito yonse nayambira pamene adalekeza. Chimene chimapweteka ndi kujomba kwa apa ndi apo sukulu ili yotsegula, makamaka pa masamu, pamene phunziro la lero limakwera pamsana pa la dzulo. Tsono ngati mdipiti waikidwa kale pa Lachitatu, mkulu wa sukulu amene watseka sitingamuweruze kuti ngwopepera. Wasankha bala laling'ono. Amene amakuwa kuti sukulu itsegulidwe zivute zitani ayenera kuyankha za Seattle, ndipo ambiri a iwo sayankha.

Koma onani pamene mfundo imeneyi yayambira. Yayambira pakati pa nthano, fisi atalowa kale m'khola, nkumatifunsa ngati mbuzi zithawe kapena ziime. Misewu sidzitseka yokha. Tsiku la mdipiti amapangana ndi a timu pamodzi ndi akuluakulu a mzinda, ndipo a sukulu amangolandira uthenga. Zifukwa zofulumizira zimadziwika: osewera afuna kubalalika kupita kwawo, ndipo chimwemwe chimazizira ngati nsima. Komatu kuchokera Lachinayi kufika Loweruka ndi masiku awiri okha. Anthu amene adadikira zaka 57 sakadalephera kudikira masiku awiri. Ndipo sikuti nzosatheka. Timu ya baseball ya Washington Nationals itapambana mu 2019, mdipiti wake udali Loweruka pa 2 Novembala, ndipo misewu idadzaza. Liverpool itatenga chikho cha ku Ulaya chaka chomwecho, idazungulira mzinda wake Lamulungu pa 2 Juni. Philadelphia yomweyo ili ndi gule wa a Mummers amene amadzaza Broad Street chaka ndi chaka pa 1 Januwale, tsiku la tchuthi, popanda mwana kutaya phunziro. Mzindawu umadziwa bwino kuvina belu lisadalire.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri nchochokera ku South Africa. Pa 28 Okutobala 2023 timu ya dzikolo ya rugby idagonjetsa New Zealand ndi mapointi 12 kwa 11 ku Paris, nitenga chikho cha dziko lonse lapansi kachinayi. Anthu adafuna tchuthi nthawi yomweyo. Koma Lolemba lotsatira, pa 30 Okutobala, ana a kalasi yomaliza ya sekondale adali pa mayeso awo aakulu. Pulezidenti Cyril Ramaphosa adapereka tchuthicho, koma adachiika pa 15 Disembala, ndipo adanena poyera kuti afuna ana alembe kaye mayeso. Ena adang'ung'udza kuti phwando la Disembala ndi mkute. Mwina nzoona. Koma pamenepo dziko lidaonetsa ana ake mndandanda wa zinthu, kuti choyamba nchiti ndipo chachiwiri nchiti, popanda kuwalanda chisangalalo. Ngati dziko lathunthu lidatha kusuntha phwando ndi milungu 7, mzinda umodzi ungalephere bwanji kulisuntha ndi masiku awiri?

Wina afunsa kuti, ngati Goodman akuti tsiku limodzi silipweteka maphunziro, tikulimbiranji mtima? Yankho nlakuti sukulu si malo a masamu okha. Ku Philadelphia umphawi ngwochuluka kotero kuti kuyambira 2014 mwana aliyense wa m'sukulu za boma amalandira chakudya cham'mawa ndi chamasana kwaulere. Sukulu ikatseka, mphika umenewo watsekedwanso. Mayi wogwira ntchito m'chipatala, m'sitolo kapena m'khitchini ya hotela sapatsidwa tchuthi cha chikho; tsiku la mdipiti ndiye ntchito imamuchulukira. Amauzidwa kwatsala masiku awiri kapena atatu kuti apeze womusiyira mwana, kapena ataye malipiro a tsikulo. Bambo wa mu ofesi amene angathe kunyamula mwana wake paphewa kupita naye ku Broad Street ndiye amaoneka pa wailesi yakanema, ndipo ndiye amatchedwa “mzinda wonse.” Tibwerere ku ziwerengero za Seattle, tiziwerenge chakumbuyo: ana atatu mwa anayi alionse adapita kusukulu tsiku la mdipiti. Amenewo sadajambulidwe. Kutseka sukulu ndiko kutenga tsiku la ana atatu kulipereka kwa mmodzi, ndipo kawirikawiri mmodziyo ndiye amene kwawo kuli kale zonse.

Palinso china chimene chimawawa munthu akaika mdipiti pambali pa mbiri ya sukulu za mzindawu. Sukulu za Philadelphia zidazolowera kutseka pa zifukwa zopanda ng'oma. Mu Malichi 2013 bungwe loziyang'anira lidavota kuti sukulu 23 zitsekeretu chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo mu Juni chaka chomwecho antchito pafupifupi 3,800 adalandira makalata owachotsa ntchito. Mu 2019 ndi mu 2023 nyumba zina za sukulu zidatsekedwa zitapezeka ndi asbestos wowonongeka, fumbi lake loyambitsa matenda a m'mapapo. Nyengo yotentha, sukulu zopanda makina oziziritsa mpweya zakhala zikuweruka nthawi isadakwane. Pa 7 Febuluwale 2023 woweruza Renée Cohn Jubelirer adagamula kuti kagawidwe ka ndalama za sukulu m'chigawo cha Pennsylvania nkosemphana ndi malamulo aakulu a chigawocho, chifukwa kamapondereza ana a m'madera osauka. Kumeneko kudali kupambana kwa ana enieni, pa mlandu umene udayamba mu 2014. Kudabwera kutatsala masiku asanu kuti Eagles isewere Super Bowl ina, imene idagonja kwa Chiefs ndi mapointi 38 kwa 35. Mzinda udali kalikiliki kukonzekera mpira. Chigamulocho palibe adachikwezera pa basi.

Za Kansas City mu 2024 ziyenera kunenedwa mosamala. Pa 14 Febuluwale, mdipiti utangotha pafupi ndi Union Station, anthu ena adakangana nayamba kuwomberana mfuti. Mayi mmodzi adafa, anthu 22 adavulala, ndipo theka la ovulalawo adali ana osafika zaka 16. Apolisi oposa 800 adali pomwepo. Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti amene adatseka sukulu ndiwo adavulaza anawo. Mfuti zikadalira ngakhale Loweruka, ndiponso sukulu za ku America nazo zaona mfuti kambirimbiri. Chimene tsikulo lidavumbula nchakuti kutseka sukulu si kungochotsa dzanja. Ndi chiitano. Boma likati lero kulibe sukulu chifukwa kuli mdipiti, lauza mwana kumene ayenera kukhala, koma kumeneko kulibe mphunzitsi woitana maina, kulibe wodziwa kuti wafika ndani ndipo wasowa ndani. Walira mvula walira matope. Amene aitanira ana ku khamu la anthu zikwi mazanamazana, mowa uli mbwee, ayenera kuvomera kuti aitananso zimene khamu limabwera nazo.

Nanga timu ikakhala ya sukulu yomweyo, osewera ali ana a m'kalasi momwemo? Apa mtima wanga umafewa, chifukwa opambanawo ndi anzawo a ana, ndipo thukuta lake adaliona ndi maso. Sukulu yotere ikhoza kuimitsa maphunziro masana amodzi, kusonkhana pabwalo, kuimba ndi kuvina, aphunzitsi ali pomwepo, mphika uli pamoto. Kumeneko nkusangalala m'sukulu, osati kutseka sukulu. Komabe ngakhale apa pali dzenje, ndipo adalionetsa bwino mtolankhani H. G. Bissinger m'buku lake la 1990, Friday Night Lights. Iye adachoka ku Philadelphia komweko nakakhala m'tauni ya Odessa ku Texas mu 1988, kutsatira timu ya sekondale ya Permian. Adapeza tauni imene idamanga bwalo la mipando yoposa 19,000 ndi madola 5.6 miliyoni kuti ana asukulu azisewereramo, pamene ndalama zogulira mankhwala ndi mabandeji a osewera zidaposa zogulira zipangizo zophunzitsira Chingerezi. Mphamvu ya bukuli njakuti silinyoza anthu a Odessa; limaonetsa kuti chikondi chawo chidali chenicheni, ndipo chikondi chomwecho ndicho chidadya ana awo. Mnyamata wina waluso atavulala bondo, tauni idamuiwala msanga, ndipo m'kalasi mudalibe chimene chidamukonzekeretsa moyo wopanda mpira. Tauni sifika pamenepo tsiku limodzi. Imafikapo ndi timasiku ting'onoting'ono, tomwe aliyense amati nkamodzi kokha.

Tsono maganizo anga ndi awa. Chikondwerero chichitike, ndipo chikhale chachikulu, pakuti anthu osauka chimwemwe ngosauka kawiri. Koma a sukulu akhale nawo pa bwalo pamene tsiku likusankhidwa, asamangolandira kalata. Pangano likhazikitsidwe mpikisano usadayambe, mitima isadatenthe, lakuti chikho chikabwera mdipiti udzakhala Loweruka kapena tsiku la tchuthi. Ngati a timu aumirira pakati pa mlungu chifukwa cha maulendo a osewera awo, alipire iwo chakudya cha ana ndi malo owasungirako tsikulo, popeza phindu la mdipiti ndi lawo. Ndipo ngati zonsezi zalephereka, sukulu itseke, koma inene zoona: yatseka chifukwa misewu yalandidwa, osati chifukwa ana akukaphunzira mbiri ya mzinda wawo. Mwana amamva msanga pamene akulu akukometsera chinthu chimene achita mokakamizidwa.

Kwa ife a m'gulu lino, amene timati tikuphunzira kusamala mawu, nkhaniyi ili ndi ntchito yake. Mawu akuti “tonse” ndi “mzinda wonse” ndi ena mwa mawu otsekemera kwambiri m'chinenero chilichonse, ndipo chifukwa cha kutsekemerako sitiwafunsa kuti awerenga ndani nasiya ndani. Ndakatulo yotamanda chikho njosavuta kulemba, ng'oma zimakulembera zokha. Yovuta ndi ya mwana wa m'chipinda chachitatu cha nyumba ya lendi kumpoto kwa Philadelphia, amene Lachinayi lija adakhala yekha pawindo, mayi ake ali ku ntchito, akumva mfuu ya mzinda wonse chapatali. Iyenso ngwa mzindawo, ndipo pa tsiku limene ankati onse apambana, iye ndiye adalipira.